Chimawamaliza N'chiyani Anamwino a Odwala Mwakayakaya?

Anthu akamva kuti namwino wa m'chipinda cha odwala mwakayakaya wasiya ntchito, kapena wapempha kuti amusamutsire ku wodi ina, sachedwa kupeza chifukwa. Amati ntchito yakeyo ndi yotero: tsiku ndi tsiku kuona anthu akutsirizika, kumva abale akubuma pakhonde, kutseka maso a mwana wa eni. Ndani angapirire? Maganizo amenewa amamveka achifundo, koma ali ndi msampha. Ngati chimene chimamaliza anamwinowa ndi imfa, ndiye kuti palibe wolakwa ndipo palibe chokonza, poti imfa sitingaitulutse m'chipinda chimene amagonekamo anthu amene moyo wawo uli pa ulusi. Zikatero chotsala n'kuwauza kuti alimbe mtima basi. Komatu umboni umene ofufuza akhala akusonkhanitsa kwa zaka zoposa 40 ukuloza kwina. Imfa imalemera ndithu, koma anamwino oona imfa zofanana satopa mofanana. Chimawasiyanitsa ndi mmene ntchito yawo yakonzedwera: odwala angati pa namwino mmodzi, maola angati asanapume, zipangizo zilipo kapena ayi, ndiponso ngati munthu amene wasenzetsedwa moyo wa wodwala amamveredwa akalankhula za wodwalayo. Zonsezi amakonza ndi anthu, ali khale m'maofesi, ndi cholembera m'manja.

Ambiri amaiona ntchitoyi ngati ya makina, pamene chiyambi chake chikunena zina. Chisamaliro cha mtundu umenewu chinabadwa mu 1952 ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, pa mliri wa poliyo. Odwala ankalephera kupuma, makina anali ochepa, ndipo dokotala wina wogonetsa odwala, Bjørn Ibsen, anabweretsa nzeru yoboola pakhosi n'kumapopera mpweya m'mapapo ndi thumba la labala lofinya pamanja. Ophunzira udokotala mazanamazana ankalandizana usana ndi usiku, aliyense ndi wodwala wake, kwa miyezi, ndipo imfa zinatsika kwambiri. Anthuwo anapulumuka chifukwa panali munthu wosachoka pambali pa bedi. Lero makina achuluka, koma pamenepa sipanasinthe. Wodwala wa pa makina othandizira kupuma sangatsokomole yekha, sangatembenuke, sanganene kuti akumva ululu. Namwino ndiye amamukoka makhololo m'chubu, amamutembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda, amayeza mkodzo ola lililonse, amakweza kapena kutsitsa mankhwala a m'diripi amene ukaphonya mlingo pang'ono munthu wapita, ndipo ndiye amayamba kuona kuti zinthu zatembenuka dokotala asanaitanidwe. N'chifukwa chake ku Britain muyezo umati wodwala wa pa makina akhale ndi namwino wakewake, ndipo m'chipinda cha HDU, mmene mumakhala odwalika koma osafika pa makina, namwino mmodzi asapitirire odwala awiri. Muyezo umenewu sanauike pofuna kusasatitsa anamwino. Ntchitoyo payokha ndi imene imafuna zotero.

Vuto limene limagwira anthu a ntchito zotere linapatsidwa dzina lakuti burnout ndi Herbert Freudenberger mu 1974, ndipo mu 1981 Christina Maslach ndi mnzake anakonza mafunso oliyezera. Limaonekera m'njira zitatu: munthu amatheratu mphamvu mumtima, amayamba kuuma mtima n'kumaona odwala ngati manambala a mabedi, ndipo amadziona kuti palibe chaphindu chimene akuchita. Mu 2019 bungwe la WHO linalilemba m'buku lake la matenda, koma linanenetsa kuti si nthenda ya munthu ayi, ndi vuto lobadwira kuntchito chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali kumene sikunasamalidwe. Kukula kwake m'zipinda za odwala mwakayakaya kunayezedwa bwino ku France, kumene kafukufuku wa Poncet ndi anzake, wotuluka mu 2007, anafunsa anamwino oposa 2,000 ndipo anapeza kuti mmodzi mwa atatu alionse anali atatopa kofika poipa. Chaka chomwecho ku America Meredith Mealer anapeza kuti anamwino 24 mwa 100 alionse a m'zipinda zimenezi anali ndi zizindikiro za vuto la maganizo limene timalidziwira kwa asilikali obwera kunkhondo, monga maloto oopsa, kudzidzimuka ndi kuthawa chilichonse chokumbutsa zimene anaona, pamene mwa anamwino a m'mawodi wamba anali 14. Kuno kwathu ku Malawi kafukufuku wotuluka mu 2011 pakati pa ogwira ntchito 101 a mbali ya uchembere pa chipatala china chachikulu anapeza 72 mwa 100 alionse atatheratu mphamvu, ndipo wina wa mu 2018 pakati pa othandiza anthu amene ali ndi HIV anapeza 62 mwa 100 ali ndi burnout. Awa sanali a m'chipinda cha odwala mwakayakaya, koma akutionetsa nthaka imene zipinda zathu zamangidwapo.

Chofunika kwambiri mu kafukufuku wa ku France uja ndi zimene zinkasiyanitsa otopa ndi osatopa. Kusamalira munthu amene akutsirizika kunalipo pa mndandanda, inde. Koma pambali pake panalinso zinthu zooneka zazing'ono: ngati namwino amatha kusankha masiku ake a ofu, ngati amagwirizana ndi sisitala woyang'anira wodi, ngati amamvana ndi madokotala, ngati amatenga nawo mbali pa gulu lofufuza za ntchito yawo. Patapita zaka ziwiri Élie Azoulay anatsogolera kafukufuku wina m'mayiko 24, ndipo ogwira ntchito 7 mwa 10 alionse anati mlungu wongothawo munali mkangano m'chipinda mwawo, wochuluka unali wa pakati pa namwino ndi dokotala. Mikangano inkachuluka kumene anthu ankagwira maola oposa 40 pa mlungu, kumene kunalibe misonkhano ya nthawi zonse ya onse ogwira ntchito m'chipindamo, ndiponso kumene dokotala ndi namwino sankagwirizana limodzi za mmene angachepetsere ululu wa wodwala. Izi zikugwirizana ndi zimene Robert Karasek analemba mu 1979 zokhudza ntchito zamtundu uliwonse, zakuti ntchito yolemetsa payokha sidwalitsa kwenikweni ngati woigwirayo ali ndi mpata wosankha mmene aigwirire, koma imadwalitsa ikalemera munthu ali womangika manja. Namwino wa odwala mwakayakaya amakhala ndendende pamalo oterowo. Ndiye amakhala ndi wodwala maola 12 pamene dokotala amabwera mphindi zowerengeka, ndiye amadziwa kuti mankhwala sakugwira, koma m'zipatala zambiri chigamulo chimaperekedwa iye asanafunsidwe n'komwe.

Nkhani ya chiwerengero cha odwala ili ndi umboni wodziwika kwambiri. Mu 2002 Linda Aiken anafalitsa zimene anapeza m'zipatala 168 za ku Pennsylvania: wodwala mmodzi aliyense woonjezera pa namwino ankakweza chiopsezo chakuti wodwala wa opaleshoni amwalire m'masiku 30 ndi 7 pa 100, ndipo ankakweza chiopsezo chakuti namwinoyo atope kotheratu ndi 23 pa 100. Nambala imodzi yomweyo inkavulaza onse awiri, wogona pabedi ndi woimirira pambali pake. Kafukufukuyo sanali wa zipinda za odwala mwakayakaya zokha, koma m'chipinda cha odwala mwakayakaya zinthu zimathina kuposa apo, chifukwa odwala awiri akagwa nthawi imodzi palibe wodikira. Namwino akuthamangira uyu, uyo akutsika, ndipo amadziwa kuti akutsika. Mliri wa Covid-19 unaonetsa izi poyera. Ku England mu 2020 malamulo anafewetsedwa mpaka kulola namwino mmodzi wodziwa ntchitoyi kuyang'anira odwala okwana 6, mothandizidwa ndi anzake obwerekedwa ku mawodi ena. Pakati pa chaka chomwecho Neil Greenberg anafunsa ogwira ntchito 709 m'zipatala 9, ndipo pafupifupi theka anali ndi zizindikiro za vuto lalikulu la maganizo, pamene namwino mmodzi mwa asanu alionse anavomera kuti anaganizapo zodzivulaza kapena zoti kuli bwino atangofa. Anamwino anavutika kuposa madokotala a m'zipinda zomwezo, amene ankaona imfa zomwezo.

Kenako pali maola. Ann Rogers anapeza mu 2004 kuti namwino akagwira shifiti ya maola 12 ndi theka kapena kupitirira, mpata wolakwitsa umachuluka katatu, ndipo mu 2006 Linda Scott, pofufuza anamwino 502 a odwala mwakayakaya okhaokha, anapeza kuti ambiri ankalimbana ndi tulo ali pantchito ndipo zolakwa zinkachuluka maola akatalika. Ntchito ya usiku payokha ili ndi mtengo wake pathupi: nthambi ya WHO yofufuza za khansa inaiika mu 2007, n'kubwerezanso mu 2019, pa gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse khansa. M'zipatala zambiri za boma kwathu kuno naiti imayamba dzuwa lisanalowe n'kutha m'mawa wa tsiku linalo, ndipo pamwamba pake pali lokamu. Lokamu inabwera ngati yankho la kuchepa kwa anamwino: amene ali pa ofu abwere adzatseke mpata, alandirepo kangachepe. Kwa namwino amene malipiro ake safika pakati pa mwezi ndi chithandizo chenicheni, ndipo sindingamunene woilandirayo. Koma kwa chipatala lokamu ndi katapila. Chimabwereka mphamvu za mawa za namwino yemweyo kuti chitsekere mpata wa lero, ndipo chiwongoladzanja chimadzabwera ngati kudwaladwala, kujomba, kulakwitsa mankhwala ndi makalata osiya ntchito, zimene zimatsegula mipata ina yofunanso lokamu. Ndalama yakeyo ikachedwa miyezi, monga anamwino akhala akudandaulira, munthu amakhala wagulitsa tulo take pangongole.

Phokoso nalo si nkhani yochepa. Barbara Drew anawerenga maalamu a makina m'zipinda zisanu za chipatala china ku San Francisco, ndipo m'masiku 31 okha anapitirira 2.5 miliyoni, omveka ndi khutu anali 187 pa bedi lililonse patsiku, ndipo mwa maalamu a kugunda kwa mtima amene anawaunika, pafupifupi 9 mwa 10 anali onama. Khutu la munthu limazolowera, ndipo tsiku limene alamu ikulira zoona amaimva mochedwa. Kwathu vuto limabwera mbali inanso: makina opatsidwa ndi abwenzi akunja, mtundu uliwonse ndi mabatani ake, opanda zosinthira zikatha, magetsi kuthima jenereta n'kuchedwa kudzuka, silinda ya okosijeni kutha pakati pa usiku. Zikatero namwino amabwerera ku Copenhagen wa mu 1952, thumba m'manja, kusiyana kwake n'kwakuti palibe khamu la ophunzira lomulandira.

Bala lozama kuposa onsewa ndi limene Andrew Jameton analifotokoza mu 1984: kuwawa mtima kwa munthu amene akudziwa choyenera kuchita koma dongosolo likumuletsa. M'mayiko olemera bala limeneli limabwera chifukwa cha chithandizo chopyola muyezo. Nkhalamba imene aliyense akuona kuti ulendo wafika imasungidwa pa makina milungu ingapo chifukwa abale kapena madokotala sakufuna kuvomereza, ndipo amene amaibaya, kuitembenuza ndi kuiona ikukwinya nkhope ndi namwino. Kwathu limabwera chifukwa cha kusowa. Pamene Covid-19 inkafika, mabedi a odwala mwakayakaya m'dziko lonse la Malawi, la anthu oposa 17 miliyoni, anali makumi owerengeka chabe, ambiri ali m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, ndipo chipinda choyamba cha ana chinali chitangotsegulidwa mu 2017 ku chipatala cha Mercy James. Pamene mabedi ndi ochepa chonchi, kulandira mmodzi n'kukana wina. Mayi wotaya magazi pobereka ndi mnyamata wogundidwa pa kabaza akufuna bedi limodzi lomwelo, ndipo wokanidwayo amabwerera ku wodi kumene aliyense akudziwa mathero ake. Namwino sindiye amagamula, koma ndiye amakumana ndi gadiyani pakhomo, ndipo ndiye amanyamula mawu akuti anamwino a masiku ano ndi ouma mtima. Veronica Maluwa ndi anzake atacheza ndi anamwino 20 a m'Malawi, mu kafukufuku wotuluka mu 2012, anapeza kuti kuwawa mtima kotereku kunkachokera ku kuchepa kwa antchito, kusowa kwa zipangizo, kunyozedwa, ndi utsogoleri woipa wa akuluakulu awo. Apa m'pamene ndikuona kuti amene amati imfa ndiyo imatopetsa amaphonya. Imfa imene namwino wachita zonse zotheka, wodwala n'kupita mwaulemu abale atafotokozeredwa, imamvetsa chisoni koma imapola. Imene imamutsata munthu mpaka kunyumba ndi ija akudziwa kuti ikanapeweka pakanakhala botolo limodzi la magazi, mnzake mmodzi woonjezera, kapena dokotala woyankha foni.

Pali chinanso chimene sichitchulidwa kawirikawiri, ndicho mantha a munthu woikidwa pa ntchito imene sanaiphunzire. Rodwell Gundo ndi anzake, pofufuza zipinda zimenezi m'zipatala zazikulu za m'Malawi, anaonetsa kuti anamwino ambiri amalowamo ndi maphunziro a unamwino wamba, zina zonse n'kumaphunzirira pantchito pomwepo. Tangoganizani usiku woyamba pamaso pa makina opumira amene akulira, iwe osadziwa ngati vuto ndi chubu, mapapo kapena makinawo. Chizolowezi chosinthasintha anamwino m'mawodi chimaonjezera vutoli, pakuti amene wayamba kuidziwa ntchito amachotsedwa, n'kubwera wina woyambira pachiyambi, ndipo otsala odziwa aja amasenza ntchito ziwiri, kusamalira odwala ndi kuyang'anira anzawo.

Tsono otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zolimba. Oyamba amati anthu timasiyana: m'chipinda chimodzi chomwecho wina amagwa, wina amatha zaka 20 akumwetulira, ndiye vuto lili mwa munthu, ndipo unamwino ndi maitanidwe ofuna mtima wodzipereka. N'zoona kuti anthu amasiyana. Mealer yemwe uja anapeza mu 2012 kuti anamwino amene anali ndi mtima wopirira kwambiri sankagwidwa kawirikawiri ndi mavutowa. Koma anthu oterowo anali 22 mwa 100 alionse. Palibe chipatala chingayende ndi anthu 22 amenewa okha, ndipo ntchito imene ingapiriridwe ndi munthu mmodzi mwa asanu ndi ntchito yokonzedwa molakwika. Kuonjezera apo, ofufuza ataphatikiza zotsatira za njira zosiyanasiyana zochepetsera burnout mwa madokotala, monga anachitira Maria Panagioti mu 2017, anapeza kuti kusintha kakonzedwe ka ntchito kunkathandiza kuposa kuphunzitsa munthu payekha kuugwira mtima. Ngakhale njira zothandiza maganizo zimene zaoneka kuti zikugwira, mphamvu yake ili pa dongosolo. Misonkhano ya Schwartz, imene ogwira ntchito a magulu onse amakumana mwezi ndi mwezi kukambirana zimene ntchito ikuwachita mumtima, inaunikidwa ku England ndipo kuvutika maganizo kunatsika kuchoka pa 25 kufika pa 12 mwa 100 pakati pa opitako kawirikawiri. Koma kuti munthu apiteko pafunika wina womugwirira odwala ola limenelo. Za maitanidwe, ndi bwino kukumbukira kuti Florence Nightingale, amene anamwino amamukumbukira pa 12 May ndi makandulo, sanabwere ku nkhondo ya Crimea n'kumalalikira kupirira. Anabwera ndi ziwerengero zoonetsa kuti asilikali ankafa ndi uve wa m'zipatala, ndipo anavutitsa boma mpaka linasintha zinthu.

Otsutsa achiwiri amaloza umboni weniweniwo. Amati kafukufuku wambiri ndi wongofunsa anthu tsiku limodzi, ndipo munthu wotopa kale amaona chilichonse choipa, sisitala woipa, madokotala oipa, kotero sitingadziwe chimene chinayamba. Amawonjeza kuti boma la Massachusetts ku America litakhazikitsa lamulo mu 2014 lakuti namwino wa odwala mwakayakaya asapitirire wodwala mmodzi kapena awiri, kafukufuku wa mu 2018 sanapeze kuti imfa zatsika. Mfundo yoyambayo ili ndi choonadi, ndipo ndi chifukwa chake sindiika mtima kwambiri pa nambala imodzi iliyonse. Koma kafukufuku wofunsa anthu ali ndi chilema chinanso chokokera mbali inayo: amafunsa amene atsala, pamene otopa kwambiri anachoka kale ndipo sawerengedwa. Za Massachusetts, zipinda za kumeneko zinali kale pafupi ndi muyezo umene lamulolo linkafuna, kotero panasintha zochepa, ndipo chimene ankayeza chinali imfa za odwala osati umoyo wa anamwino. Phunziro lake n'lakuti kuonjezera pamene pakwana kale sikupindula kwenikweni, zimene sizikunena kanthu za chipinda chimene namwino mmodzi ali ndi odwala atatu a pa makina. Kumene kunali mpata weniweni wosintha, zotsatira zinaoneka. Boma la Queensland ku Australia linaika malire a odwala pa namwino m'mawodi a zipatala 27 mu 2016, ndipo poyerekeza ndi zipatala zimene sizinasinthe, imfa zinatsika, odwala ankatuluka msanga, ndipo ndalama zimene zinapulumuka zinaposa kawiri zimene zinalipira anamwino oonjezerawo.

Mfundo yachitatu ndi imene imandivuta kwambiri, chifukwa ndi yathu. Amati dziko losauka silingatengere miyezo ya ku London, ndipo namwino aliyense woikidwa pa wodwala mmodzi wachotsedwa ku wodi kumene akanathandiza makumi. Umboni uli kumbali yawo pang'ono. Kafukufuku wamkulu wotuluka mu 2025, wochitika m'zipatala 180 za m'mayiko 22 a mu Africa, anapeza kuti wodwala mmodzi mwa 8 alionse ogonekedwa anali kayakaya, kuti pafupifupi 7 mwa 10 a iwowa anali m'mawodi wamba, ndipo mmodzi mwa asanu anamwalira pasanathe mlungu. Choncho ndikuvomereza kuti ndalama yoyamba ipite ku zinthu zosavuta monga okosijeni, madiripi ndi kuyeza odwala pafupipafupi m'wodi iliyonse. Koma taonani kumene mfundoyi yatifikitsa: ikutanthauza kuti namwino wa ku wodi ya amuna pa chipatala chaching'ono cha boma, amene ali yekha usiku ndi odwala makumimakumi, nayenso ndi namwino wa odwala mwakayakaya, kungoti alibe dzinalo, alibe makina, alibe maphunziro ake. Zonse tanena zija zikumukhudza iyeyo koposa. Ndipo amene angamuphunzitse kuzindikira wodwala amene akutsika ndi anamwino ochepa odziwa ntchitoyi omwe aja, amene zimatenga zaka kuti mmodzi apsye, ndipo ndi amenenso mayiko olemera amawafuna kwambiri. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe onse ali pa mndandanda wa WHO wa mu 2023 wa mayiko 55 amene sayenera kukokedwa antchito a zaumoyo mwadala, koma mndandanda suletsa munthu wotopa kudzifunira yekha njira.

Mbiri yathu yomwe ikuonetsa kuti zinthu zimasintha zikafunidwa. Pakati pa 2004 ndi 2009 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi Global Fund, linayendetsa ndondomeko yapadera yochulukitsa antchito a zaumoyo, imene inaonjezera malipiro ndi 52 pa 100 ndi kukulitsa sukulu zophunzitsa, ndipo antchito anachoka pa 5,453 kufika pa 8,369. Ndalama inagwira ntchito. Koma ziwerengero za kutopa tazitchula zija zinatuluka pambuyo pa ndondomekoyi, kusonyeza kuti malipiro amamusunga munthu pantchito osamuchiritsa. Anamwino atanyanyala ntchito mu April 2020, zimene ankafuna sizinali alawansi yokha, ankafunanso zodzitetezera ndi kulembedwa kwa antchito ena, ndipo izi zinkachitika m'dziko limene anamwino omaliza maphunziro amakhala pakhomo zaka akudikira ntchito. Ndiye kuchepa kwa anamwino m'wodi ndi chosankha cha bajeti, osati kusowa kwa anthu. Pali zinanso zosafuna ndalama n'komwe, ndipo ndi zomwe zija kafukufuku wa ku France ndi wa Azoulay analoza. Rosita ikhoza kutuluka msanga, anamwino atanenapo masiku amene akufuna. Namwino wa pa bedi akhoza kupatsidwa mpata wolankhula pa raundi asanagamule za wodwala wake. Amene waphunzira ntchitoyi akhoza kusiyidwa m'chipindamo osamusamutsa chaka chikatha. Chipinda chikhoza kukhala ndi malamulo olembedwa onena za amene alandiridwe bedi likakhala limodzi, kuti mlandu wa kukana usagwere munthu mmodzi pakati pa usiku, ndipo amene wagamula ndiye akafotokozere abale. Mankhwala akalakwika, funso loyamba likhoza kukhala lakuti munthuyu anali atagwira maola angati, asanafunse dzina lake.

Chimene chimasowa nthawi zambiri ndi masamu osavuta. Chipinda chatsopano chikamatsegulidwa, nduna imadula riboni ndipo nyuzipepala zimalemba chiwerengero cha mabedi ndi makina. Bedi limodzi lofuna namwino wake usana ndi usiku limadya maola 168 pa mlungu. Namwino wogwira maola 40 pa mlungu sakwanitsa ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a maola amenewo, kotero bedilo likufuna anthu oposa anayi tisanawerengere tchuthi, matenda, uchembere, maliro ndi maphunziro, ndipo tikawerengera zimenezi timafika pa asanu kapena 6. Chipinda cha mabedi anayi okha chikufuna anamwino osachepera 20. Chikatsegulidwa ndi 10, maola otsalawo sasowa. Amatengedwa pa ofu, pa tulo ndi pa thanzi la anthu 10 omwewo, ndipo umboni wake uli kale m'buku la rosita ndi m'mafomu a lokamu amene ali mu ofesi ya ametironi pa chipatala chilichonse.